Hanbok, Chovala cha Makolo a Anthu a ku Korea: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense amene anaonerapo masewero a pa kanema ochokera ku South Korea onena za nthawi ya mafumu anaonamo akazi ovala siketi yotambalala yofika pansi ndi kamalaya kakafupi komangidwa pachifuwa, komanso amuna ovala mikanjo yaitali ndi zipewa zakuda zoonekera mkati. Zovala zimenezi si za m'masewero chabe ayi. Mayankho otsatirawa akufotokoza kumene zinachokera, mmene zimasokedwera, ndi chifukwa chimene anthu a ku Korea amazitulutsirabe m'bokosi mwana akakwanitsa chaka, pa ukwati ndi pa maliro, ngakhale kuti analeka kalekale kuzivala tsiku ndi tsiku.

Kodi hanbok n'chiyani, ndipo dzinali linachokera kuti?

Hanbok ndi dzina limene anthu a ku South Korea amatchulira zovala za makolo awo, za amuna, za akazi ndi za ana zomwe. Dzinali lapangidwa ndi mawu awiri: han, amene amaimira mtundu wa anthu a ku Korea, ndi bok, kutanthauza chovala. Ku North Korea chovala chomwechi amachitchula kuti Joseon-ot, potengera dzina la Joseon limene dzikolo limadzitchula nalo mpaka lero.

Chovalacho n'chakale kuposa dzina lake. Kwa zaka mazanamazana panalibe chifukwa chochipatsira dzina lapadera, popeza aliyense ankavala chomwecho ndipo panalibe china choti n'kusiyanitsa nacho. Masuti ndi madiresi a ku Ulaya atayamba kulowa m'dzikolo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu anazitcha yangbok, kutanthauza zovala zachizungu, ndipo pamenepo m'pamene zawo zija zinayamba kudziwika kuti hanbok. Mu 2021 mawuwa analowetsedwa mu dikishonale yaikulu ya Chingerezi ya Oxford.

Kodi hanbok ili ndi zigawo ziti?

Maziko ake ndi zovala ziwiri, chapamwamba ndi chapansi. Chapamwambacho ndi jeogori, malaya a manja aatali opanda mabatani, ovalidwa ndi amuna ndi akazi omwe. Kunsi mkazi amavala chima, siketi yokhala ndi timapindi tambirimbiri kumtunda kwake, imene amaizunguliza thupi n'kuimanga pachifuwa osati m'chiuno. Mwamuna amavala baji, buluku lotakasuka kwambiri lomangidwa m'chiuno ndi lamba wansalu, ndipo pa akakolo amalimanga ndi timizere tansalu totchedwa daenim. Kutakasukako kuli ndi chifukwa chake. M'nyumba zakale za ku Korea pansi pankatenthetsedwa ndi utsi wa moto wodutsa m'ngalande za kunsi, njira imene amaitcha ondol, choncho anthu ankadyera, kuchezera ndi kugona pansi pomwepo, ndipo chovala chothina sichikanalola munthu kupinda miyendo tsiku lonse.

Potuluka panja mwamuna ankavalanso durumagi, mkanjo wofika m'munsi mwa mawondo, ndipo munthu wophunzira wa m'banja lolemekezeka sankaonekera pagulu wopanda gat, chipewa chakuda cholukidwa ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi pamodzi ndi nsungwi zong'ambidwa mpaka kupyapyala ngati ulusi. Kumapazi onse ankavala beoseon, masokosi oyera ansalu okhala ndi kansonga kopindikira m'mwamba.

Chimene maso amayamba kugwera ndi goreum, nsalu ziwiri zotsekera jeogori, ina yaitali ina yaifupi. Mbali ya kumanzere ya malaya imabwera pamwamba pa ya kumanja, kenako wovalayo amapingasa nsalu ziwirizo n'kumanga mfundo ya khutu limodzi lokha logona chopingasa, nsonga zonse ziwiri n'kulendewera pa siketi. Munthu akamanga makutu awiri ngati zingwe za nsapato, agogo a kumeneko amadziwiratu kuti palibe anamulangiza. M'mphepete mwa kolala mumadutsa kamzere koyera kotchedwa dongjeong, kolimbitsidwa ndi pepala mkati mwake, ndipo kakada amakachotsa n'kusokererapo katsopano popanda kuchapa malaya onse. Hanbok yakale inalibe matumba, n'chifukwa chake anthu ankamangirira m'chiuno kathumba kansalu, pamene akazi ankakoleka pa goreum chokongoletsera cha mfundo ndi mphonje chotchedwa norigae.

Kadulidwe kake nako n'kosiyana ndi ka suti. Telala wa suti amatsata mapindikidwe a thupi, koma wosoka hanbok amadula zidutswa zowongoka n'kuzilumikiza, moti chovalacho chikayalidwa pansi chimangoti thyathyathya, ndipo maonekedwe ake enieni amatuluka munthu akachivala n'kuyamba kuyenda.

Kodi inayamba liti?

Umboni wooneka ndi maso wakale kwambiri uli pa makoma a manda a ufumu wa Goguryeo, umene unalamulira kumpoto kwa Korea ndi mbali ina ya Manchuria mpaka chaka cha 668. M'manda a Anak a nambala 3, m'chigawo cha Hwanghae, muli mawu olembedwa osonyeza chaka cha 357, ndipo m'manda a Muyongchong ku Ji'an, dera limene lero lili ku China, muli zithunzi za anthu ovina atavala malaya amadonthomadontho a manja aatali. Pa zithunzi zimenezi malaya amafika m'matako ndipo amamangidwa ndi lamba m'chiuno, komanso akazi ena avala mabuluku ngati amuna. Malaya ndi buluku ndi kavalidwe ka anthu okwera mahatchi a kumpoto kwa Asia, kosiyana ndi mikanjo yaitali yofika pansi imene inkavalidwa ndi olemekezeka a ku China. Manda a Goguryeo analembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2004.

Kodi maonekedwe ake akhala chimodzimodzi kuyambira nthawi imeneyo?

Ayi, ndipo yankho limeneli ndi lofunika kwa aliyense amene amaganiza kuti chovala cha makolo chimaima malo amodzi. Maziko aja a jeogori, chima ndi baji sanasunthe, koma kutalika, kutakasuka ndi zovala zapamwamba zakhala zikusintha m'badwo ndi m'badwo. Mu 648 Kim Chunchu, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu ya Silla, ufumu wina wa ku Korea, anapita ku China ya ufumu wa Tang, ndipo atabwerako nduna za Silla zinayamba kuvala mikanjo ya ntchito yotengera kumeneko. M'nthawi ya ufumu wa Goryeo, kuyambira 918 mpaka 1392, a kunyumba yachifumu anatengera zina kwa Amongolia, nawonso a ku likulu la Amongolia n'kutengera kavalidwe ka akazi a ku Goryeo.

Hanbok imene anthu amaidziwa lero ndi ya kumapeto kwa ufumu wa Joseon, umene unayamba mu 1392. M'zaka za m'ma 1500 jeogori ya mkazi inali yotakasuka ndipo inkafika m'chiuno. Izi si zongoganizira, chifukwa zovala za nthawiyo zapezeka m'manda zili zosawonongeka. Mu 1998 ku Andong anafukula manda a Yi Eung-tae, bambo amene anamwalira mu 1586 ali ndi zaka za m'ma 30, ndipo m'bokosi mwake munali zovala zambiri, kalata yachisoni yolembedwa ndi mkazi wake, ndi nsapato zimene mkaziyo analuka posakaniza luzi ndi tsitsi la m'mutu mwake. Kuchokera m'zaka za m'ma 1700 jeogori inayamba kufupika ndi kuthina, siketi n'kumafufuma, monga zimaonekera pa zithunzi za katswiri wojambula Shin Yun-bok, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inali itafupika moti inkangophimba chifuwa movutikira, mwakuti akazi ankazunguliza nsalu ina yaikulu pakati pa malaya ndi siketi. Akuluakulu ophunzira a nthawiyo anadandaula kuti khalidwe lalowa pansi, monga momwe akuluakulu amadandaulira kulikonse achinyamata akasintha kavalidwe. Ngakhale tsitsi linafika pokhala nkhani ya boma: mawigi akuluakulu otchedwa gache anakwera mtengo moti mabanja ankasaukira pomwepo, ndipo Mfumu Yeongjo inawaletsa mu 1756, Mfumu Jeongjo n'kubwerezanso lamulolo mu 1788.

Kodi amasokera nsalu zanji?

Nsalu zakale ndi zinayi. Silika anali wa olemera. Sambe, nsalu yokhakhala yowombedwa ndi luzi la mbewu ya mtundu wa chamba imene imalimidwira luzi lakelo, inali ya anthu wamba nthawi yotentha ndiponso ya pa maliro, ndipo ya ku Andong ndiyo yotchuka. Thonje linafala mochedwa: Mun Ik-jeom anabwera ndi njere zake kuchokera ku China atapitako pa ulendo wa ukazembe mu 1363, n'kuzibzala mothandizana ndi apongozi ake, Jeong Cheon-ik. Nthano imati njerezo anazibisa mu chogwirira cha burashi yolembera. Chimene thonje linachita n'chachikulu, popeza anthu osauka, amene poyamba ankapirira chisanu choopsa cha kumeneko ndi nsalu ya luzi, tsopano anatha kusoka zovala zoikamo thonje pakati.

Yachinayi ndi mosi, nsalu yopepuka yoonekera mkati imene imavalidwa m'miyezi yachinyezi ya Julayi ndi Ogasiti, ndipo ya ku Hansan, m'boma la Seocheon, ndiyo imatamandidwa kuposa zonse. Ntchito yake ndi yowawa. Mayi amasenda khungwa la chomera cha mosi, kulinyika m'madzi ndi kuliyanika padzuwa mpaka liyere, kenako amaling'amba ndi mano akutsogolo kuti lisanduke tizingwe topyapyala ngati tsitsi, moti amene agwira ntchitoyi zaka zambiri mano awo amakhala ndi timipata todyeka ndi luzi. Akatero amalumikiza tizingweto kamodzikamodzi pokapota pa bondo atanyowetsa ndi malovu. Powomba amafuna chipinda chachinyezi, ngakhale kunja kukutentha, chifukwa mpweya ukauma ulusi umaduka. Luso limeneli linalowa m'kaundula wa UNESCO wa chikhalidwe cha anthu mu 2011.

N'chifukwa chiyani anthu a ku Korea ankatchedwa mtundu wovala zoyera?

Mawu akuti baegui minjok, mtundu wa zovala zoyera, ndi amene iwo eni amadzitchula nawo. Zolemba za ku China za m'zaka za m'ma 200 zimanena kale kuti anthu a ku Buyeo, amene ali m'gulu la makolo a mtunduwu, ankakonda zoyera. Utoto unali wodula, mitundu yowala inali ya olemekezeka, ndipo mwambo wolira maliro, umene kwa kholo unkafika chaka chachitatu, unkafuna nsalu yosanyika. Mafumu a Joseon analetsa kangapo kuvala zoyera, koma anthu sanamvere.

Kuyera kumeneko kunali pamsana pa akazi, ndipo si bwino kutamanda chovalacho n'kuiwala manja amene ankachisamala. Pochapa zovala zabwino ankayamba amasula ulusi wonse kuti chovala chibwerere kukhala zidutswa, n'kuziwiritsa m'madzi a phulusa, kuzitsukuluza kumtsinje ngakhale madzi atazizira bwanji, ndi kuzinyika m'madzi a phala kuti zilimbe. Kenako ankazipinda pa mwala wosalala n'kumazimenya ndi zibonga ziwiri zamtengo mpaka nsalu ichite kunyezimira, ntchito yotchedwa dadeumijil. Kawirikawiri ankakhala awiri moyang'anizana, mayi ndi mpongozi wake, zibonga zikulandizana monga minsi ya amayi awiri osinja mu mtondo umodzi, ndipo kulira kwake kunkamveka m'mudzi mpaka usiku. Zikatha izi m'pamene chovala chinkasokedwanso.

Mu ulamuliro wa atsamunda a ku Japan, kuyambira 1910 mpaka 1945, boma linkaumiriza anthu kuvala nsalu zonyika ponena kuti zoyera zimataya nthawi ndi chuma, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ogwira ntchito zaboma ankawaza inki pa zovala za anthu obwera kumsika atavala zoyera. Nkhanza imeneyi ndi imene inasandutsa chizolowezi wamba kukhala chizindikiro cha mtundu. Mpaka lero jeogori yoyera ndi chima chakuda zimakumbutsa anthu za Yu Gwan-sun, mtsikana wa sukulu amene anatsogolera nawo zionetsero zofuna ufulu mu 1919 n'kufera m'ndende ya Seodaemun mu 1920.

Nanga mitundu ndi zithunzi zopetedwa pa nsalu zimatanthauza chiyani?

Pali mitundu isanu yotchedwa obangsaek, uliwonse ndi mbali yake ya dziko: wabuluu kum'mawa, wofiira kumwera, woyera kumadzulo, wakuda kumpoto ndi wachikasu pakati. Manja a malaya a ana ankasokedwa ndi timizere ta mitundu yosiyanasiyana, totchedwa saekdong, pokhulupirira kuti timathamangitsa zoipa. Mtsikana wosakwatiwa ankavala jeogori yachikasu ndi chima chofiira, ndipo wongokwatiwa kumene ankavala yobiriwira pamwamba pa chofiira chomwecho.

Kunyumba yachifumu chovala chinkanena udindo wa munthu iye asanatsegule pakamwa. Kuyambira 1454 nduna zinkavala pachifuwa ndi kumsana kansalu kopetedwa kotchedwa hyungbae, ndipo m'zaka zomalizira za ufumuwo nduna za ntchito zolembalemba zinkakhala ndi chithunzi cha mbalame yoyera ya khosi ndi miyendo yaitali, pamene akuluakulu a nkhondo ankakhala ndi chilombo cha mtundu wa nyalugwe; ziwiri zinali za waudindo waukulu, chimodzi cha wamng'ono. Mfumu inkavala mkanjo wofiira wokhala ndi chinjoka cha zikhadabo zisanu. Wachikasu unali wa mfumu yaikulu ya ku China yokha, n'chifukwa chake Gojong atalengeza mu 1897 kuti Korea ndi ufumu waukulu woima pawokha, anavala wachikasu, ndipo aliyense anamva uthengawo.

Zinatheka bwanji kuti anthu aleke kuivala tsiku ndi tsiku?

Zinayambira kumutu. Pa 30 Disembala 1895 boma linalamula amuna onse kumeta sangtu, tsitsi lalitali lomangidwa pamwamba pa mutu, ndipo Mfumu Gojong inayamba ndiyo kumetedwa. Kwa anthu oleredwa m'chiphunzitso cha Confucius, chakuti thupi ndi tsitsi ndi mphatso ya makolo yosayenera kuwonongedwa, lamuloli linali chipongwe, makamaka pobwera pasanathe miyezi itatu Mfumukazi Min itaphedwa ndi anthu a ku Japan, ndipo m'madera ambiri anthu anaukira. Mu 1900 nduna zinalamulidwa kuvala zachizungu pa ntchito zaboma. Amuna a m'tauni, ana a sukulu ndi ogwira ntchito m'maofesi ndiwo anayamba kusintha, akazi n'kutsalira. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse atsamunda anakakamiza akazi kuvala mabuluku ogwirira ntchito otchedwa monpe. Nkhondo ya Korea ya 1950 mpaka 1953 inasiya umphawi ndi zovala zachithandizo zochokera kunja, ndipo mafakitale a nsalu atachuluka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, chovala chogula chosokasoka chinatsika mtengo kuposa chosoka pakhomo. Hanbok inatsala ndi agogo a kumudzi ndi masiku a mwambo.

Tsono masiku ano imavalidwa pa nthawi ziti?

Imavalidwa pa makomo a moyo wa munthu. Mwana akakwanitsa chaka chimodzi pamakhala phwando la dol, limene kale linali lothokoza kuti khanda lapulumuka chaka choopsa, ndipo amamuveka hanbok ya mitundu yowala n'kumukhazika patsogolo pa tebulo lokhala ndi ulusi, ndalama, mpunga ndi cholembera, abale n'kumaonerera chimene ayambe kugwira. Akagwira ulusi amati adzakhala ndi moyo wautali.

Pa ukwati wamakono mkwatibwi amavala diresi loyera ndipo mkwati suti, koma amayi awo a onse awiri amalowa atavala hanbok, a mkwatibwi yapinki kapena yofiirira, a mkwati yabuluu kapena yobiriwira. Mabanja ambiri amachitanso pyebaek, pamene awiriwo amasintha zovala n'kuvala za ukwati wakale, mkazi mkanjo wopetedwa wa hwarot kapena wonsam ndi kachisoti ka jokduri, mwamuna mkanjo ndi chipewa cha nduna. Zovala zimenezi zinali za kunyumba yachifumu ndi za akuluakulu a boma, koma munthu wamba ankaloledwa kuzivala pa tsiku la ukwati wake. Akagwadira makolo, makolowo amaponya zipatso za daechu, zomwe ndi mtundu wa masau, pamodzi ndi mtedza wa bam, ndipo awiriwo amaziwakha ndi nsalu. Kuchuluka kwa zimene awakha amati ndiko kuchuluka kwa ana.

Pa Seollal, chaka chatsopano chowerengera mwezi, ana amavala zatsopano zotchedwa seolbim n'kugwada mpaka chipumi kuyandikira pansi pamaso pa agogo, mnyamata dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja, mtsikana lamanja pamwamba pa lamanzere, ndipo agogowo amawadalitsa n'kuwapatsa ndalama. Pa Chuseok, chikondwerero cha zokolola, ena amavalanso pokumbukira makolo. Chovala chomaliza ndi suui, chimene amaveka womwalira. Ana ena amachikonzeratu kholo likadali moyo, makamaka m'chaka chokhala ndi mwezi wowonjezera, pokhulupirira kuti kutero kumatalikitsa moyo wa kholo, ndipo osoka samanga mfundo kumapeto kwa ulusi kuti ulendo wa womwalirayo usakodwe.

Kodi mlendo wochokera dziko lina angavale hanbok osalakwira eni ake?

Angavale, ndipo boma lenilenilo limalimbikitsa zimenezi. Kuyambira 2013 aliyense wovala hanbok amalowa ulere m'nyumba zachifumu za ku Seoul, monga Gyeongbokgung, imene inamangidwa mu 1395, ndi Changdeokgung. Chofunika n'chakuti avale chapamwamba ndi chapansi chomwe. Kungoponya durumagi pamwamba pa jinzi sikuwerengedwa. Poyamba lamulo linkafuna kuti mwamuna avale yachimuna ndi mkazi yachikazi, koma mu 2019 mfundo imeneyi inachotsedwa bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikolo litaidzudzula. Kuzungulira nyumbazi, ndiponso ku Jeonju Hanok Village, mudzi wa nyumba zachikale, kuli mashopu ambirimbiri obwereketsa hanbok kwa maola angapo.

Mkangano ulipo, koma suli pa mlendo. Uli pa zovala zobwereketsazo, zimene zambiri ndi za nsalu ya pulasitiki yonyezimira, zokhala ndi waya wofufumitsa siketi kunsi ndi maliboni omangira kumsana, zinthu zimene hanbok sinakhalepo nazo. Mu 2018 akuluakulu a dera la Jongno, kumene kuli nyumba zachifumuzi, anafuna kuti ovala zoterezi asamalandire mwayi wofanana ndi ovala hanbok yachikale, ndipo achinyamata ambiri anatsutsa. Dandaulo la akuluakuluwo lili ndi nzeru, chifukwa mlendo amabwerera kwawo akuganiza kuti waona chenicheni. Komabe tiyenera kuvomereza kuti mashopu omwewo ndi amene anabwezera hanbok mumsewu, pamene inali itangotsala ya m'bokosi.

Nanga ku North Korea, ku China ndi ku Japan?

Ku North Korea akazi amavala Joseon-ot kawirikawiri pa zikondwerero za boma ndi pa maukwati, ndipo anthu ambiri kunja anaiona pa Ri Chun-hee, wowerenga nkhani pa kanema wa boma amene amadziwika ndi chovala chapinki. Mu Disembala 2024 UNESCO inalemba mwambo wa chovalachi m'kaundula wake potsatira pempho la North Korea.

Ku China kuli anthu a mtundu wa Korea okwana pafupifupi 1.7 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2020, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Yanbian. Pa 4 Febuluwale 2022, potsegulira masewera a Olimpiki a nyengo yozizira ku Beijing, mtsikana wovala hanbok anali m'gulu loimira mitundu 56 ya dzikolo, ndipo ku South Korea anthu ambiri anakwiya poganiza kuti China ikufuna kulanda cholowa chawo, makamaka popeza panali kale mikangano ya pa intaneti yonena za chiyambi cha hanbok ndi cha chakudya cha kimchi. Mkwiyowo ndi womveka kwa mtundu umene unalandidwapo chinenero ndi mayina mu utsamunda, koma n'zoonanso kuti anthu a ku Yanbian chovalacho anachilandira kwa makolo awo enieni, ndipo palibe china chimene akanavala poimira mtundu wawo.

Ku Japan atsikana a m'sukulu za anthu a mtundu wa Korea ankavala chima ndi jeogori ngati yunifolomu. M'zaka za m'ma 1990 ena anang'ambiridwa zovalazo ndi mipeni m'sitima ndi anthu odana ndi North Korea, mpaka sukuluzo zinalola kuti popita ndi pobwerera azivala yunifolomu wamba.

Kodi hanbok yamakono, yofupika ndi yosavuta kuvala, ndi hanbok yeniyeni?

Poona mmene jeogori inafupikira pakati pa 1500 ndi 1900, n'kovuta kunena kuti kusintha kunayenera kulekera pa chaka chakutichakuti. Lee Young-hee, mayi wokonza zovala amene anamwalira mu 2018, anakaonetsa ntchito zake ku Paris kuyambira 1993, ndipo anadabwitsa anthu poonetsa chima chopanda jeogori. Iye yemweyo ndiye anakonza ma durumagi amene atsogoleri a mayiko anavala pa msonkhano wa zachuma wa APEC ku Busan mu 2005. Lero pali hanbok za nsalu yochapika pa makina, zotsekera ndi mabatani, oimba achinyamata amazivala pa siteji, ndipo sukulu zina zinayamba kugwiritsa ntchito mayunifolomu otengera hanbok mothandizidwa ndi boma. Chimene chimasiyanitsa yabwino ndi yachabe ndi chakuti wokonzayo akudziwa chimene akusintha. Amene anaphunzira kukhazika kolala ndi kukhotetsa mzere wa kunsi kwa mkono akafupikitsa siketi, chovalacho chimaonekabe kuti n'chakwawo.

Ngati maonekedwe amasintha chotere, cholowa chenicheni chili pati, ndipo ndani akuchisunga?

Boma la South Korea linayankha funsoli mu Julayi 2022 pamene linalemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko osati chovalacho, koma hanbok saenghwal, kutanthauza moyo wa hanbok: kuisoka, kuivala mwaulemu ndi kuchita nayo miyambo. Silinatchule munthu kapena gulu kuti ndiye mwini wake, popeza mwambowu ndi wa mtundu wonse. Palinso tsiku la hanbok, pa 21 Okutobala chaka chilichonse.

Maluso apadera ali ndi owasunga odziwika ndi dzina. Udindo wa chimseonjang, katswiri wa singano, unakhazikitsidwa mu 1988, ndipo woyamba kuulandira anali mayi Jeong Jeong-wan. Atamwalira mu 2007 unapita kwa Gu Hye-ja, mkazi wa mwana wawo, amene anaphunzira atakhala pambali pa apongozi akewo, njira yomweyo imene luso la singano linkayendera m'mabanja kale. Kuluka gat kunatetezedwa kuyambira 1964, ndipo pali akatswiri a nubi, kusoka nsalu ziwiri zokhala ndi thonje pakati m'mizere yowongoka yotalikirana mamilimita ochepa, ntchito imene mkanjo umodzi umadya miyezi. Apa ndi pamene pali nkhawa yeniyeni. Maukwati achepa, ana obadwa achepa, mabanja ambiri amabwereka m'malo mosoketsa, ndipo osoka a pa msika wa Gwangjang ku Seoul, umene unatsegulidwa mu 1905, ambiri ndi okalamba. Zithunzi za hanbok zachuluka pa intaneti kuposa kale lonse, pamene manja odziwa kukhazika dongjeong mowongoka akucheperachepera.

Kodi hanbok imasungidwa bwanji pakhomo?

Siipachikidwa nthawi yaitali, chifukwa kulemera kwa siketi kumakoka nsalu ndipo mapewa a jeogori amapindika. Amaipinda motsata misoko yake, chima pansi jeogori pamwamba kuti kolala isaphwanyike, n'kuika pepala la ku Korea la hanji pakati, kenako m'bokosi louma kutali ndi dzuwa. Ya silika siichapidwa kawirikawiri. Amangoiyanika pamthunzi ikavulidwa, n'kusintha dongjeong ikada.

M'mabokosi omwewo amayi ambiri amasunga kachovala kena kakang'ono kwambiri, baenaet jeogori, kamalaya koyamba ka khanda. Kalibe kolala, kuti kasakhule khosi la mwana, ndipo kale m'malo mwa goreum ankamangira ndi chingwe chachitali cha ulusi wa thonje pofunira mwanayo moyo wautali. Mabanja ena ankakasoka ndi nsalu ya chovala chakale cha nkhalamba imene yakhala zaka zambiri. Mwana wamwamuna akakula n'kumapita kukalemba gwageo, mayeso olowera ntchito zaboma amene anathetsedwa mu 1894, mayi ake ankasokerera kamalayako mkati mwa mkanjo wake, kumsana. Mayeso aja anatha, koma mpaka pano pali amayi amene m'mwezi wa Novembala, m'mawa wa tsiku la mayeso olowera ku yunivesite, amatulutsa kamalaya kachikasu ndi ukalamba kaja n'kukalowetsa m'chikwama cha mwana wawo.